Zala za Renee ndi gemu ya ku Japan

Kuno ku Lilongwe ndikakwera takisi, dalaivala n'kupotokola kiyi, kamayi ka m'wayilesi ya galimoto kaja n'kuyamba kulankhula Chijapani chake, ine maganizo amathawira kutali. Anthu ena samva n'komwe. Ena amaseka, amvekere, "Wayambapo mlamu wathu." Ine ndimaona chipinda china ku Upper Marlboro, ku Maryland, ndi manja awiri oonda atagona pa pilo.

Ndinapita ku America mwana wanga Tadala asanayambe kulankhula zomveka. Ndinali ndi satifiketi ya zaulembi yomwe ndinaivutikira ku koleji, koma inkangogona m'sutikesi. Bambo ake a mwanayo anali atalowera ku Joni, foni osaimbanso. Ndiye banja lina lakwathu konkuno linkapita kukagwira ntchito ku maofesi a ku Foggy Bottom, mu Washington, ndipo linkafuna wolera ana. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe. Tadala ndinamusiya kwa achemwali anga a Esinati ku Area 25. Tsiku lonyamukalo achemwali anamutengera kuseri kwa nyumba kukamuonetsa anapiye kuti asandione ndikutuluka ndi chikwama. Atandifunafuna, anamuuza kuti ndapita kumsika.

Banja lija litamaliza nthawi yake n'kubwerera, ine ndinatsala. Ndinachita kakosi kosamalira odwala, ejensi ina n'kundilemba. Ndinkakhala ku Woodbridge, ku Virginia, m'chipinda chapansi pa nyumba ya anthu, chomwe zenera lake linali laling'ono, lolingana ndi kapinga wapanja. Ukasuzumira unkangoona miyendo ya galu wa eni nyumba. Ndinkakhala ndi Ba Grace, mayi wa ku Lusaka, wamkulu kwa ine, wa mawu ngati wogulitsa pa depoti. Ndi iwo anandipezera malo kwa wodwala wina dzina lake Renee. Iwo ankagwira usiku, ine masana, ndipo galimoto tinali nayo imodzi. Ine ndinkalawirira nayo m'mamawa, kukwawa pa I-95 pakati pa magalimoto osatha, kuwoloka mtsinje, kukafika ku Upper Marlboro. Pakhomo ndinkawapatsa kiyi, iwo n'kubwerera nayo kukagona. Madzulo chimodzimodzi. Tinkakhala nyumba imodzi koma tinkaonana pakhonde la eni ake.

Renee anali msinkhu wanga, Mmerika wakuda, mwana mmodzi yekha wa Mayi Coleman omwe ankagwira ntchito ku maofesi a boma m'tauni momwemo. Anali ndi matenda ofoola minofu. Anayamba ndi miyendo ali mwana, kenako msana, kenako mikono. Pamene ine ndinkafika sankathanso kukweza dzanja kufika pakamwa. Koma pakamwapo ndiye panali moto.

Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "A ejensi alemba kuti ndiwe Tee. Palibe mayi amene angabereke mwana n'kumutcha Tee. Dzina lako lenileni ndani?"

Ndinamuuza. Analitchula molakwika, ndinati zili bwino choncho.

"Sizili bwino. Bwereza."

Anandibwerezetsa mpaka analikhoza, ndipo m'dziko lonselo ndi iye yekha amene ankanditchula dzina lonse.

Ntchito yanga inali yomweyi ya tonsefe: kumunyamula ndi makina kuchoka pabedi, kumusambitsa, kumuveka, kumukhazika pa wilitcheya, kumudyetsa. Kenako kumudzoza mafuta m'manja, chala chimodzichimodzi. Zikatha izi ndinkaika pilo pa kathebulo ka wilitcheya, kugoneka manja ake pamenepo, n'kulowetsa pakati pa manjawo kamakina ka gemu, kotsekula ngati buku, kokwana m'thumba. Zala zinazo zinali zitapindika kale, zinkangogwiriziza. Zomwe zinkagwirabe ntchito zinali zala zamanthu ziwiri. Zimenezo zinkathamanga pa mabatani ngati si za munthu wodwala. Akamatobwanya choncho nkhope yake inkasintha, ndipo ukamulankhula sankakumva.

M'masabata oyambirira ndinkamulonjera monga timachitira kwathu ndi wodwala. "Lero ukuoneka bwinoko." Tsiku lina anatseka maso.

"Tamvera. Madokotala amandinamiza mwaulemu. Mayi anga amandinamiza chifukwa cha chikondi. Iwe sindikudziwa kuti ukundinamiziranji. Matenda angawa sabwerera m'mbuyo. M'chipinda muno, ndikakufunsa kanthu, uzindiuza momwe zilili. Ukalephera, ndiuza a ejensi anditumizire wina."

Ndinakalirira ku bafa. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, inde, komanso zinandipweteka kuti ulemu womwe anandiphunzitsa amayi anga unali mwano m'nyumba imeneyo.

Za gemu ija ndinazimva pang'onopang'ono, ndikumupesa tsitsi. Sinali ya mpira kapena yowomberana ayi. Inali ngati buku loti umayendamo: umalowa m'midzi, kugogoda m'makomo, kucheza ndi anthu, ndipo zonse zomwe akunena zimalembedwa pansi pa kagalasi kuti uwerenge. Inapangidwa ku Japan. Munali kamtsikana konyamula nyali, koyenda pa zilumba kufunafuna mlongo wake. Renee anaisewera ali wamng'ono, nthawi yomwe anagonekedwa koyamba m'chipatala. M'Chingerezi chomwe anawerenga, anthu a m'midzimo ankati mlongoyo anasamukira ku mzinda wakutali. Iye anaufunafuna mzindawo. Anamaliza gemu, n'kuyambiranso, n'kuyambiranso, kugogoda khomo lililonse, poganiza kuti pali njira yomwe waiphonya.

"Ndinadzamva nditakula, pa intaneti," anatero. "M'Chijapani mnyamatayo anamira m'nyanja. Kamunda ka maluwa kapaphiri komwe ndinkangodutsa kaja anali manda ake. Omasulira anaona kuti ana a kuno sangapirire imfa, ndiye anaifufuta. Mowa anausandutsa juwisi, mayina onse anasintha, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Koma ine ndinali mwana wogona pakati pa ana omwe ankafa, ndipo anthu ena m'ofesi anagamula kuti sindingamve mawu oti wamwalira."

Tsopano patapita zaka zambiri, gawo lachiwiri linali litatuluka ku Japan. Kampani inkati la Chingerezi likubwera, koma tsiku osanena. Renee ankandituma kutsekula kompyuta m'mawa uliwonse kuti aone ngati pali chatsopano. Ankakangana ndi anzake a pa intaneti, anthu omwe sanawaonepo, za mmene adzamasulire: kodi adzavomera tsopano kuti mnyamata uja anafa, kapena adzapitiriza bodza lakale kuti lisawachititse manyazi? Kodi kamtsikana adzakabwezera dzina lake? Iye ankalankhula, ine n'kumalemba, ndiye satifiketi yanga inapeza ntchito pamenepo.

Ba Grace ankaseka pakhonde. "Ine nilindila mapepala, iwe ulindila mapepala, uyu alindila gemu. Tonse tili pa mzere, amake Tada. Amene azayamba kulandila agule nkuku."

Koma ine amene ndinkadzoza manjawo ndinkadziwa chomwe Renee sankatchula. Sankaopa omasulira okha. Ankawerengera zala zake.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkaimba kunyumba. Yankho linali limodzi: "Ali bwino, akusewera panja." Ine ndine munthu wamantha, ndivomere. Foni ikalira mtima umayamba wafa kaye. Ndinkalota Tadala atagwera m'chitsime, atagundidwa ndi kabaza, atasochera mumsika. Tsiku lina achemwali ananditumizira chithunzi chake atavala diresi yomwe ndinatumiza. Ndinachikulitsa ndi zala monga ndinkachitira ndi chilichonse, kuyang'ana maso, khosi, mawondo. Kuseri kwa dzanja lake kunali kabanga kakuda ndi chizindikiro cha pulasitala. Wosamalira odwala aliyense amadziwa malo a diripi.

"Achemwali, padzanjapa n'chiyani?"

Achemwali anati, "Aa, zimenezo zinatha kalekale. Timalungo pang'ono."

"Timalungo ta diripi? Anagonekedwa?"

"Iwe, tikanakuuza ukanatani uli kutsidya kwa nyanjako? Ukanakwera ndege? Ukanangolira pantchito pa eni ake, n'kukuchotsa. Mwana wachira, thokoza Mulungu."

Mawa lake Renee anaona maso anga otupa, n'kufunsa, ndipo mwa lamulo lake lija ndinamuuza zonse.

"Achemwali ako akanalembedwa ntchito ku kampani ya gemu," anatero.

Ndinapsa mtima. Ndinati kwathu n'chikondi chimenecho, munthu wakutali sumuponyera nkhani ngati mwala, umamusenzera. Anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye Lamulungu likubwerali akadzati ali bwino, udzagona tulo?"

Kuyambira pamenepo mawu oti "ali bwino" anasanduka opanda kanthu kwa ine. Nditabwerera kuno patapita zaka, ndinapeza zina zomwe anandisenzera: dzino lothyoka, kalasi yomwe Tadala anabwereza, ndiponso kuti achemwali amawatcha amayi, ine "amayi a ku America". Sindikuwaimba mlandu. Anandilerera mwana. Koma mpaka lero Tadala akachedwa pang'ono kuchokera kusukulu, ndimakaima pamsewu ngati wamisala.

Maganizo ogula gemu ija anandibwerera pa I-95, magalimoto ataima duu. Amuna awo a achemwali, alamu anga a Bonifasi, amaitanitsa magalimoto ku Japan. Ndinadzifunsa kuti, kodi kudikira konseku n'kwa chiyani? Kwathu dziko lonse likuyenda m'magalimoto olankhula Chijapani. Wayilesi yolembedwa Chijapani, mapu oonetsa misewu ya ku Japan iwe uli pa Mchesi, koma palibe amene anakhala pansi kudikira kuti amumasulire. Umatobwanya batani ili, ukaona kuti latsekula zenera, wadziwa. Ndinajambula chithunzi cha bokosi la gemuyo pa kompyuta ya Renee iye akuwodzera, n'kutumiza.

Alamu anaimba okha. "Mlamu, nkhani yaing'ono imeneyo. Ku Japan n'kwathu. Ndili ndi mnyamata wanga kumeneko amene amandisankhira magalimoto, mawa lomwe akagula."

"Ndiye atumize pa ndege, alamu, molunjika kuno."

"Pa ndege? Kakhadi kokhala ngati bisiketi? Kumeneko n'kuseweretsa. Ndili ndi galimoto ikukwera sitima sabata ino. Angoponya m'kabokosi ka kutsogolo kaja, ifika ndi galimoto yomwe. Ikafika ndipatsira munthu wobwera kumeneko. Ife ndi mmene timachitira ndi masipeyala."

Ndinkafuna kukana, koma alamu ndi amene ankadyetsa mwana wanga. Ndinati zikomo.

Ba Grace nditawauza anagwedeza mutu. "Manje bwanji osamufunsa mwine wake? Uyu mwana aziba vintu ivi kuchila ise."

"Ayi, Ba Grace. Ndikamuuza n'kulephereka, ndiye kuti ndamuonjezera china chodikira. Mphatso salengeza."

"Awe, iwe na mutu wako. Ine nili zii."

Sitimayo inayenda ulendo wake. Masamba a mitengo ya ku Upper Marlboro anafiira n'kuthothoka. Galimoto inafika ku Dar es Salaam, n'kukhala padoko kudikira mapepala. Inafika pa Songwe, n'kukhalanso. Kenako alamu anasiya kuyankha mauthenga anga, ndipo ine ndi mantha anga ndinaganiza kuti ndi Tadala. Achemwali ndi amene anaulula, akuseka, kuti mwini galimoto anakaitengera pa boda pomwepo n'kupita nayo ku Mzuzu, gemu ili m'kabokosi. Alamu ankamusakasaka.

M'nyengo yomweyo chala chamanthu chakumanzere cha Renee chinayamba kutsalira. Ndi chimene chinkayendetsa munthu wa m'gemu. Ndinaona kuti akumagunda makoma, akumalephera kuthawa zilombo zomwe kale ankazizemba akucheza nane. M'mawa wina ndikumudzoza anati, "Ika chala chako pansi pa changa." Ndinaika. Anakanikiza. Zinali ngati pagwera tsamba.

"Mwezi watha zinali chonchi?"

Lilime langa linali litanyamula kale mawu akwathu aja. Ndinawameza.

"Ayi. Mphamvu yachepa."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

"Zikomo," anatero, n'kutembenuzira maso kuzenera. Tsiku limenelo sanapemphe kamakina kake. Ine ndinatuluka panja kukaimbira alamu, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinawakwezera mawu.

Alamu anaipeza gemu ija, ndipo inafika sinowo, chipale chofewa chija, atayamba kugwa. Inabwera ndi mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amene anapita kumaliro ku Dedza. Anaiika pakati pa mapaketi a usipa ndi chigumu cha ana ake, moti nditaitulutsa mu pulasitiki m'chipinda cha Renee, fungo linadzaza ponseponse. Ba Grace sanapite kukagona m'mawa umenewo, anatsalira kuti aone.

Ndinaika kabokosi ka gemuyo pa pilo, pakati pa manja ake.

Renee anayang'ana kamtsikana ka nyali pachikuto, tsopano katakula, ndi zilembo za Chijapani zotsetsereka m'mbali. Anandiyang'ana ine. Pankhope pake panali chinthu chomwe sindinachimvetse nthawi imeneyo. Pano ndikudziwa kuti anali atadziwa kale.

"Waitenga kuti?"

Ndinafotokoza zonse: magalimoto akwathu olankhula Chijapani omwe timangoyendetsa osamva, alamu, mnyamata wa magalimoto, sitima, Dar es Salaam, Mzuzu, usipa.

"Lowetsa," anatero motsitsa. "Ingolowetsa tione."

Ndinatulutsa kakhadi, kukalowetsa kuseri kwa makina, kuyatsa. Palibe chinaoneka. Ndinakatulutsa, kukapukuta ndi malaya, kukauzira mpweya, kulowetsanso. Ba Grace anati mwina n'chinyezi cha m'sitima. Ndinayesanso.

"Siya," anatero Renee. "Sikanaonongeke. Makina ogulitsidwa ku America amakana makhadi a ku Japan. Anawapanga dala choncho. Dziko lililonse ndi zake."

Ba Grace anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Nayo baikana visa. Yayenda ulendo wonse uyu, yafika pa eyapoti, ati bwelela."

Ndinamasulira, ndipo Renee anaseka. Anaseka mpaka anatsamwa, tinachita kumuweramitsa ndi kumusisita pamsana, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinadziwe pomwe kuseka kunathera. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Nditapeza mawu ndinati tingathe kuitanitsanso makina a ku Japan komweko, ulendo uno pa ndege, alamu afune asafune.

"Ndikanafuna ndikanaitanitsa kalekale, pa intaneti, sabata imodzi zikanafika," anatero atapuma. "Anzanga ena anatero. Koma galimoto umangofuna ikufikitse. Iyi ndi mawu okhaokha. Ndingayende zilumba zonse, anthu n'kumandiuza zomwe ndadikira moyo wanga wonse, ine osamva kanthu. Ndikufuna ndiwerenge ndekha, ndidine ndekha." Anayang'ananso kabokosi kaja. "Koma palibe munthu anandichitirapo chinthu chopusa chokoma chonchi. Tandiuzenso za Mzuzu. Munthuyo ankaganiza kuti n'chiyani?"

Anandifotokozetsa ulendo umenewo kambirimbiri m'miyezi yotsatira, makamaka masiku oipa. Ankakonda pomwe ndinkatsanzira mawu a alamu.

Kenako kampani inalengeza mwezi. Renee anandilembetsa uthenga kwa anzake wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Anasiya kusewera magemu ena onse kuti asunge mphamvu, ngati kuti mphamvu ndi ufa woti ungausunge m'thumba. Wophunzitsa mafizo anamuuza kuti kusagwiritsa ntchito zala n'koipa kuposa, ndiye anayambiranso, pang'ono m'mawa basi. Mwezi uja utayandikira, kampani inalembanso kuti yasuntha tsiku. Inati mawu ndi ochuluka kwambiri ndipo akufuna kumasulira mokhulupirika, osadula kanthu.

Ndinamuwerengera uthengawo ndikuopa kumuyang'ana.

"Akuchita bwino," anatero. "Ndi zomwe ndakhala ndikupempha zaka zonsezi." Anameza malovu movutikira. "Ndikudana nawo."

Chala chakumanzere chinaima nyengo yotentha isanafike. Chakumanja chinatsala chikugwedezeka pang'ono, ngati mchira wa buluzi. Mayi Coleman anagula timabatani tina tofewa, anaitanitsa munthu wodziwa zipangizo za olumala, koma kamakina kaja kanali kakang'ono, kosalola kulumikiza chilichonse. Mayiwo ankabwera kukhitchini ine ndikutsuka mbale, n'kuima pafupi nane osalankhula. Tsiku lina anangoti, "Uli ndi mwana, eti?" Ndinati eee. Anagwedeza mutu n'kutuluka.

Ine sindinakhalitse chaka china ku America. Mapepala anga sanatheke, ndipo mantha a Tadala anali atandidya mpaka tsitsi linkathothoka. Renee anamwalira ndili kuno. Ba Grace ndi amene anaimba, ndipo sanazungulire: "Amake Tada, Renee wafa lelo kuseni." Ndinawathokoza chifukwa chonena choncho. Koma ndikamamukumbuka sindiona maliro omwe sindinapiteko. Ndimaona m'mawa womwe gemu ya Chingerezi inafika.

Inabwera ndi wa positi, m'kaenvulopu wamba. Mayi Coleman sanapite kuntchito. Ndinamusambitsa Renee mofulumira, anakana chakudya, anati mafuta ndidzoze dzanja lamanja lokha ndipo ndipukute bwino kuti chala chisaterere. Ndinakonza pilo. Ndinagoneka manja, kulowetsa makina pakati, kunyamula chala chake chamanthu n'kuchikhazika pa batani. Nyimbo inayamba, ya kachitoliro, ndipo pagalasi panaoneka nyanja ndi kuwala kwa nyali. Pansi pake panalembedwa kuti dinani batani kuti muyambe.

"Amayi, mungakandipangire tiyi?" anatero Renee. Iye tiyi sankamwa. Mayi Coleman anamuyang'ana, n'kutuluka, chitseko n'kutseka bwinobwino.

Renee anakanikiza. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukutuluka. Chala chinanjenjemera pamwamba pa batani, batani osatsika. Anapuma, anayesanso. Thukuta linatuluka pamphuno. Nyimbo ija inafika kumapeto n'kuyambiranso.

"Pilo watsika mbali iyi," ndinatero. Ndinaweramira ngati ndikukonza, dzanja langa n'kufika pamwamba pa lake, chala changa pa chala chake. Chinali chozizira. Ndinakanikiza pang'ono chabe.

Galasi linasintha. Panaoneka phiri, kamtsikana katagwada, ndipo pansi panatuluka mawu.

"Wadina ndani?" anafunsa, maso ali pagalasi.

Ndinapitiriza kukonza pilo. Anatchula dzina langa, lonse.

"Ndine."

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa m'chipindamo. Koma maso ake anali akuyenda pa mawu aja, ndipo milomo inayamba kugwedera. Anawerenga mokweza, mawu akusasa: kamtsikanako kankauza mlongo wake kuti papita zaka chimwalirireni iye m'nyanja, ndipo kabwera kudzatsazika pamanda pake kasananyamuke.

"Alemba," anatero. "Alemba kuti anamwalira."

Pakona pa galasi kachizindikiro kankaphethira, kudikira kuti munthu adine kuti mawu ena abwere. Renee anakayang'ana. Ine ndinayamba kuchotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Lisiye pomwepo," anatero. Sanandiyang'ane. "Ndikamati ndadina, usanditsutse."

Ndinabwezera chala changa pamwamba pa chake. Kukhitchini ketulo inali itayamba kulira. Ndinamva kanjenjemera kaja pansi pa chala changa, kochepa ngati kugunda kwa mtima wa mwanapiye, ndipo ndinakanikiza.

"Ndadina," anatero Renee.

"Eee, wadina," ndinatero.

Kamtsikana kaja kanadzuka pamanda, kanatola nyali yake, n'kuyamba kutsika phiri.